Nkhuku Yozizira ya a Tithokoze

Ngati munadyapo nkhuku yotentha kwa amalume anga, ndiye kuti munachita kuba mumphika. Chakudya chinkafika patebulo chikufuka nthunzi, koma chinkalowa m'kamwa chitazizira ngati mphuno ya galu, chifukwa amalumewo sankalola munthu kugwira supuni iwo asanathokoze. Ndipo kuthokoza kwawoko kunalibe mabuleki. Dzina lawo lenileni linangotsala pachiphaso, mumsewu wathu wonse ankadziwika kuti a Tithokoze.

Anagwira ntchito yophika kuhotela mpaka kupuma. Tchuthi cha kumapeto kwa chaka chikafika, banja lonse tinkasonkhana kwawo, ndipo kukhitchini kunkakhala kwa iwo okha. Ankamanga epuloni pamwamba pa mimba, kuthokoza n'kuyambira pomwepo. Anyezi ankamuthokoza powaliritsa, amvekere maso osalira amachita dzimbiri. Nkhuku ankayamba aipepesa, kenako n'kuithokoza. Chaka china poto anawagwera paphazi, ife n'kutchera khutu kuti lero lokha timva mawu ena. Iwo anadumphadumpha ndi mwendo umodzi, nkhope itakwinyika.

"Tithokoze kuti munalibe msuzi."

Kuphika kokha ankakudziwa, tisaname. Mpunga wawo njere iliyonse inkaima payokha, nkhuku yofiirira bwino, fungo mpaka kumsewu. Vuto linkayamba tikakhala pansi. Ankaimirira kumutu kwa tebulo n'kuyambira kutali: mvula, mlimi, dalaivala wa lole, mayi wogulitsa tomato, amene anatulukira mchere. Akatero ankabwera kwa ife mmodzimmodzi, ndipo apa munthu unkalakalaka utalowa pansi.

"Tithokoze alamu angawa, chaka chino njinga anabweza ili ndi matayala onse. Tithokoze mphwanga uyu, mayeso walephera pang'ono pokha."

Mphwawoyo ndinali ine.

Amene ankavutika koposa anali akazi awo, azakhali athu, munthu wokonda zotentha moti tiyi ankamwa akubwata.

"Bambo, mafuta agwirana pamsuzi," ankanong'ona.

"Tithokoze kuti mafutawo alipo, mayi."

"Ine ndisanafe ndidzadya nkhuku yanuyi yotentha. Kamodzi kokha."

"Tithokoze kuti mano mukadali nawo."

Azakhali sanali munthu wongolankhula. Chaka china anatipangira kuti amalume akangopuma kuti akoke mpweya, tonse tinene ameni mwamphamvu. Tinatero. Amalume anatiyang'ana mwachikondi, anathokoza chifukwa cha banja logwirizana chotere, n'kupitiriza. Chaka chotsatira azakhali anaitana abusa, poganiza kuti pamaso pa mwini ntchito amalume achita manyazi. Abusa anapemphera mwachidule, zomveka bwino. Amalume anadzuka kuti angothokoza abusawo. Anathokoza abusa, aphunzitsi a abusa, makolo a abusa, ndi telala amene anasoka jekete la abusa. Abusa anadya nkhuku yozizira ngati tonsefe, ndipo sanabwerenso.

Kenako kunabwera sitiroko. Inawalanda dzanja lamanja ndi lilime. Tchuthi cha chaka chimenecho anawaikira mpando pakhomo la khitchini, azakhali akuphika, iwo akulozera ndi dzanja lamanzere: moto wachuluka, tembenuzani, mchere wakwana. Zinandimvetsa chisoni kuona khitchini ili zii, mapoto akugwira ntchito popanda wowathokoza.

Titakhala patebulo, amalume anagwira mpando n'kuimirira movutikira. Milomo inanjenjemera nthawi yaitali.

"Zi... zikomo."

Anakhala pansi. Basi, kuthokoza kunathera pomwepo. Nthunzi inali tolotolo pambale iliyonse. Tonse tinacheukira azakhali, poti tsiku limene analumbirira lija linali litafika, ntchafu ya nkhuku ili pambale pawo ikuchita kuwala. Anatola foloko. Anaiyang'ana ntchafuyo, anayang'ana amuna awo, n'kuibweza foloko ija patebulo.

"Ayi bambo, mwasiya ambiri."

Azakhali anaimirira n'kuyambira pa mvula. Anadutsa kwa mlimi, kwa dalaivala wa lole, kwa mayi wa tomato, mawu a amalume omwe aja, ife osadziwa kuti zaka zonse zodandaulazo ankaloweza. Atalumpha wa mchere, amalume anagogoda patebulo n'kuloza kabotolo ka mchere. Tinaseka misozi ili m'maso. Azakhali anatitchula tonse, ine n'kundithokoza kuti ndayamba kumeta ndevu, ndipo pomaliza anathokoza wophika amene anawadyetsa zozizira moyo wawo wonse koma sanawagonetsepo ndi njala. Anatalikitsa kuposa mwini wake. Tinadya mafuta atagwirana, popanda wodandaula.

Amalume anatisiya chaka chatsopanocho chisanafike pakati.

Timasonkhanabe. Pemphero limakhala lalifupi, ana amapsa malilime, ndipo timamaliza kudya msanga moti timasowa chochita ndi masana onse. Epuloni ija ikadali pamsomali kuseri kwa chitseko. Ineyo ndimawasowa kwambiri, ngakhale kuti palibenso wolengeza za mayeso anga. Tchuthi chapitachi ndinaona azakhali atakankhira mbale yawo pambali, manja ali pamiyendo, ena tonse tikutafuna.

"Azakhali, idyani, izizira."

"Dziyambani inu," anatero. "Ine ndikudikira amalume anu amalize."