Sabata Imene Msana Unandilanda Wezulo

Lolemba

Ndikulemba chogona chammbali. Zilembo ndinaphunzirira pa makatoni ku njanji, koma lero zikapendekeka si ine, ndi msana.

Mmawa ndikuwerama kuti nditole sokosi. Sokosi basi! Osati thumba la simenti. M'chiuno kwangoti phwa! ngati munthu wandibaya ndi sipoko ya njinga. Ndatsala chowerama, ine kuyang'ana sokosi, sokosi kuyang'ana ine.

Loweruka tikuvina beni ku lokesheni ya Pumula, tsiku la Anyasa tonse, ife ochokera kumudzi amene tinakhazikika m'dziko lino la eni. Lamulo lathu ndi lakale: wotsogolera akalephera kumaliza gule tsiku limenelo, wezulo imapita kwa womutsatira. Ine wezulo ndaigwira zaka makumi awiri ndi ziwiri. Wonditsatira ndi Jafali wa ku lokesheni ya Tshabalala, wobwera dzana kuchokera ku Mangochi, mawondo atsopano.

Masiku asanu. Ndichira.

Lachiwiri

Kukiliniki. Kombi, minibasi ya kuno, ikulumpha mahampu onse a m'misewu ya ku Iminyela ngati yatumidwa.

Asisita akundigoneka chafufumimba. Akundigunda kumsana ndi zolembera. "Zingati, khulu?" Kuno agogo amati khulu. Ndikuti chimodzi. Ndi ziwiri! Akubwereza. Chimodzi. Ziwiri! Padzanja ndikukhoza bwinobwino. "Lozani pamene ndagunda." Ndikuloza. Ndaphonya ndi chikhatho chathunthu.

Msana wanga womwe! Zaka zonsezi ndikuyenda nawo, lero sindikudziwa pamene uli!

Akuti palibe chathyoka. Akuti ubongo umasunga chithunzi cha thupi lonse, ndipo malo akapweteka kumene, chithunzi cha pamenepo chimafufutika. Ubongo umasanduka mlonda wamantha: kumva tswa! pang'ono, kukuwa wakuba. Umamangitsa minofu munthu usanasunthe n'komwe.

Malangizo: mapiritsi, kuyenda pang'onopang'ono, osagona tsiku lonse. Za beni akuseka. "Hatshi, khulu. Sabata ino ayi."

Mlonda? Ine ulonda ndaugwira ku njanji. Alonda ndimawadziwa, amapusitsika. Nzeru zanga:

1. Osaganiza za msana.
2. Kuwerama modzidzimutsa, ubongo usanadziwe.
3. Phazi la mayi a kunyumba, MaNdlovu.

Lachitatu

Nambala wani yakanika. Ndikuganiza za njiwa, za mvula, za malemu achimwene. Achimwene ankadwala chiyani? Msana.

Nambala thu. Ndikuima pakati pa nyumba, ndikuyang'ana kudenga, ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi ngati munthu wopanda cholinga. Kenaka mwadzidzidzi...

Mayo ine! Ndisanafike n'komwe theka, msana wauma gwa ngati njanji.

Wauuza ndani? Ndakhala pampando ola lathunthu, ndipo yankho landiopsa. Nzeru ija ndinaipangira mu ubongo momwemo! Ndimapangana zakuba m'kanyumba ka mlonda, mwiniwake ali pomwepo akuotha moto.

Ngakhale lamba wa thalauza akundiwotcha. Ndikuyenda ndagwira thalauza m'manja.

Lachinayi

Phazi la MaNdlovu, mkazi wanga. Anabereka mapasa, ndipo kwathu amati mayi wa mapasa akakuponda msana umawongoka. Ndinawaphunzitsa ndine. Mzere wonse wa nyumba zathu unapondedwapo, ndi a mpingo woluka mabasiketi omwe.

Ndikugona pakhomo chafufumimba. Ndatsinzina. Ndikudikira. MaNdlovu si munthu wochepa thupi.

Moto! Ndikukuwa kuti aponda kwambiri, andipha, achotse phazi!

"Hawu, SaPita, bambo a Pita! Angikaqali, sindinayambe! Ndikuvula kaye nsapato za tenesi."

Chandikhudza ndi nsonga ya nsalu yawo. Nsalu! Ululu unali weniweni, misozi yeniyeni, phazi lili pansi. Anthu a nyumba yoyandikana afika kale pageti, wina wanyamula fosholo.

MaNdlovu akana kupitiriza. "Sindiponda munthu wolira ndi nsalu."

Lachisanu

Jafali wabwera kudzazonda. Malalanje atatu. Pakamwa: "Pepanitu akulu, mwatidandaulitsa." Maso: pa msomali pamene pamakhala wezulo.

MaNdlovu akutseka chitseko mwamphamvu, wezulo ikugwa, ikugubudukira kumapazi a Jafali. Iye akutambasula dzanja. Ine ndafika kale! Pansi penipeni, ndatola, ndadzuka, ndaika m'thumba. Ululu? Ngakhale pang'ono!

"Aaa, akulu, si mwachira apa?"

Basi, ubongo wamva. Phwa! Andikhazika pampando anthu awiri.

Koma ndaona ndi maso anga. Msana umatha. Mlonda akayang'ana kumbali, umatha! Mawa kuli ng'oma zitatu. Mlonda wake uti angamve tswa! pakati pa ng'oma zitatu?

MaNdlovu akusita yunifolomu.

Loweruka

Pumula. Yunifolomu yoyera, mamendulo pachifuwa, mapiritsi awiri m'mimba. Kumbuyo kwanga amuna khumi ndi awiri. Mu beni, chimene wachita wa wezulo onse amachita.

Ng'oma zalira. Ndikuguba! Phazi, phazi, kutembenuka. Palibe ululu! Fumbi, nthungululu. Ndikutsika pang'onopang'ono kuja timatsika, chiuno pansi, ndodo m'mwamba.

Mayi wina wa chisangalalo akuthamangira m'bwalo kudzandipukuta thukuta. Kampango kake kandikhudza kumsana. Kampango!

Ndauma. Chowerama, mwendo wina uko, ndodo m'mwamba, wezulo m'kamwa. Ndikabuula, wezulo ikulira: pyo... pyo... pyo...

Ndikuponya diso kumbuyo. Amuna khumi ndi awiri auma! Onse chowerama, mwendo uko, kukamwa kopotoka ngati kwanga. Akuyesa ndi sitepe yatsopano! Anthu akuwomba m'manja, ena akujambula pa foni. Oimba ng'oma nawo akutsatira kubuula kwanga.

Azindikira ndi MaNdlovu okha. "Mthwaleni! Liqolo lelo! Mnyamuleni, ndi msana umenewo!"

Akunditulutsa pampando wa pulasitiki. Jafali akuzula wezulo m'kamwa mwanga mwaulemu, ndi manja awiri. Akuipukuta pa malaya.

Lamulungu

Msomali uli wokha. MaNdlovu apachikapo kalendala.

Ndayenda mpaka pageti n'kubwerera, katatu, pang'onopang'ono, monga ananenera asisita Lachiwiri. Zikuthandizadi. Zimenezonso zandikwiyitsa.

Akuti Jafali wayamba kuphunzitsa anyamata sitepe ija. Sakuitha. Ine inanditengera sabata yathunthu.

Ndi mlonda tagwirizana: iye asiye kukuwa, ine ndisiye kumunamiza. Wavomera kapena ayi, sananene.

Sokosi ija ikadali pansi pa bedi. Ndikuiona ndili pano. Ikhale.