Tsiku lomwe ndinamera mchira pa chinkhoswe

Mukadzafika ku Perth n'kumva Amalawi akuitana munthu wina kuti "a Guluu", musadzavutike kufunsa kuti dzinalo linabwera bwanji. Munthuyo ndi ine, ndipo kuli bwino ndikuuzeni ndekha, chifukwa ena akamafotokoza amathira mchere wambiri.

Ntchito za kumigodi zitazilala, ine ndinali m'gulu la oyamba kuuzidwa kuti tikapume. Zaka zisanu ndinkakwera ndege kupita kumpoto kukayendetsa chigalimoto chonyamula miyala, n'kumadya ngati tsiku lililonse kuli ukwati. Ndinabwerako ndi zinthu ziwiri, nsapato zachitsulo kutsogolo ndi mimba. Miyezi inayi ndinakhala pakhomo ku Armadale, ndikutsuka mbale zotsuka kale, mpaka agalu a aneba anasiya kundiuwa.

Kenako ndinapeza ntchito yaulonda. Sikuti ulonda woima pakhomo la shopu ayi, koma wonyamula ndalama za m'masitolo kupita nazo kubanki, utavala ngati munthu wamba, kamfuti kakang'ono utakabisa pathupi. Anandiphunzitsa, ndinakhoza, laisensi inatuluka. Ndinasangalala kwambiri moti ndinavina ndekha pasiteshoni ya sitima. Vuto linali limodzi: mayi a Tadala, akazi anga, sindinawauze za mfutiyo. Achimwene awo anawomberedwa ku Joni ali pa ulonda, ndipo tsiku lomwe ndinayamba kufunafuna ntchito anandiuza mosapsatira kuti, "Bambo a Tadala, ntchito iliyonse, kaya yotsuka zimbudzi, ine ndidzakuchapirani yunifolomu. Koma yamfuti ayi." Ndiye ine ndinawauza kuti ndizikayang'anira magalimoto pamalo ena ku Joondalup. (Ndinkati ndidzawauza zoona mwezi ukatha, akadzaona kuti ndikubwerako wamoyo. Musandiyang'ane choncho, nanunso muli ndi zanu.)

Mfutiyo sumapita nayo kunyumba, imagona kuntchito m'bokosi lokiya. Koma kathumba kachikopa koikamo mfuti aliyense amasankha kake, monga momwe munthu amasankhira nsapato. Mphunzitsi wathu, mzungu wachikulire wandevu zotuwa, anandibwereka timatumba titatu takale. Anati, "Ukayese kunyumba. Uvale tsiku lonse, ukhale pansi, uwerame, uyendetse galimoto. Kamene ukaiwale kuti wavala, kako ndi kameneko."

Ndinayamba ndi kam'chiuno, kolowetsa mkati mwa buluku. Ndikaima kanali bwinobwino. Nditangokhala pasofa, mimba ija inatsika n'kukumana nako, ndipo kanandibaya mpaka ndinatchula dzina la agogo anga omwe anamwalira ndili Sitandade 2. Ndinayesa kam'khwapa. Kameneka kamafuna jekete pamwamba, ndipo unali mwezi wa Januwale, pamene ku Perth ngakhale ntchentche zimafuna mthunzi. Mayi a Tadala anandipeza m'khitchini thukuta lili kamukamu n'kundifunsa ngati ndaitanidwa kukhoti. Kanatsala kachitatu, komangirira pakakolo, kobisika ndi mwendo wa buluku.

Kathumba kopanda kanthu sikauza munthu zoona, ndiye pankafunika choikamo. Limoti ya TV inali yopepuka. Sipanala inapulumuka n'kundiswa chala chakuphazi. Loweruka lina m'mawa ndinalowa m'galaja, ndipo maso anga anagwera pabokosi la akazi anga. Iwo amakongoletsa maholo pa maukwati ndi zinkhoswe za Amalawi, ndipo ali ndi kachipangizo kamagetsi komatira maluwa, kosungunula guluu, kooneka ndendende ngati kamfuti. Ndinakalowetsa m'kathumba kaja, kanakwana ngati anasokera komweko. Chingwe chake ndinachikulunga n'kuchitsendera m'sokosi. Ndinayenda uku ndi uku m'galajamo, ndinanjuta, ndinadumpha, osamva chilichonse. Ndinadziona ngati wapolisi wachinsinsi, mpaka ndinadzichitira sailuti pagalasi la galimoto.

Cholinga changa chinali kukabweza pakangotha mphindi khumi. Koma foni inalira.

Tsikulo kunali chinkhoswe cha Madalitso, mnyamata wakwathu yemwe akuchita maphunziro apamwamba kuyunivesite. Amalume ake enieni ali ku Dedza, ndiye anapempha ine kuti ndikhale nkhoswe yakuchimuna. Foni ija inali yondikumbutsa za tambala. Kuno tambala wamoyo ndi wosowa, chifukwa m'malokeshoni ambiri salola kuweta chinthu cholira m'bandakucha. Tinabwereka wina kufamu ina kunja kwa tauni, ndipo mwini wake anatsindika kawiri kuti abwerere wamoyo. Ndinathamanga kukamutenga, ndinabwerera, ndinavala jekete, tinapakira mabokosi, n'kuliyatsa ulendo wakuholo. Mphunzitsi uja ananena zoona. Ndinaiwaliratu.

Ndinakumbukira titafika. Maluwa a pampando wa akwati anayamba kugwa limodzilimodzi, ndipo akazi anga anakhuthula bokosi lonse pansi.

"Bambo a Tadala, kamfuti kanga ka guluu mwakaona?"

Mwendo wanga wakumanzere unalemera nthawi yomweyo. Apa munthu wanzeru akanati, "Ndi aka," n'kupirira zotsatira zake. Koma kutulutsa kamfutiko kunali kutulutsanso kathumba, ndipo kathumbako kakanafuna kufotokozedwa.

"Ayi, sindinakaone," ndinatero, nkhope ili gwa.

Akazi anga anatembenukira kwa mnzawo wothandizana naye, amake Mwila, mayi wa ku Zambia wosabisa mawu. "Paja sabata yatha munabwereka inu."

"Imwe amake Tadala, ninabweza ine," anatero amake Mwila. "Ninafaka mu bokosi na manja yanga. Musaniyambe lelo."

Anayamba kuyankhana motsitsa mawu, uku akumwetulira alendo. Ine ndinanyamuka chazemba kulowera kuchimbudzi kuti ndikavule, koma ndisanafike pakhomo wolengeza anagwira maiki n'kuitana ankhoswe akuchimuna. Munthu wina anandiika tambala m'manja. Nyimbo inayamba.

Muyenera kudziwa kuti ine kuvina ndimakutha, ndipo nyimbo ikandilowa nzeru zimatuluka. Pa chinkhoswe nkhoswe yakuchimuna imavina ndi tambala kukamupereka kuchikazi, iwo n'kubweza thadzi, ndipo suyenda molunjika ngati ukupita kukagula buledi. Umapita, kubwerera, kunyadira, kumuonetsa tambalayo kumbali zonse. Amayi anayamba kululutira. Ine ndinaiwalanso kachiwiri, tsiku lomwelo. Ndinatsika mpaka pansi, ndinadzuka, ndinaponda mwamphamvu ndi mwendo wakumanzere uja.

Ndinamva kanthu kakumasuka m'sokosi.

Nditayang'ana pansi ndinaona chingwe chakuda chikutuluka m'mwendo wa buluku, pulagi ili kumapeto, ikugunda pansi kuti kho, kho, kho motsatira nyimbo. Manja onse awiri anali pa tambala wobwereka. Ndinayesa kuchiponda ndi mwendo winawo, anthu anayesa sitepe yatsopano n'kuwonjezera nthungululu. Ndinazungulira kuti chibisike kumbuyo, ndipo chingwecho chinazungulira nane, chikutalika.

Woyamba kuchiona bwino anali amake Mwila. Anabwera akuvina, anawerama, n'kutola pulagi ija.

"Atate ake Tadala," anatero mokweza, "mwamela muchila?"

Anakoka. Mwendo wanga unapita kumbuyo, ine ndinagwada bondo limodzi patsogolo pa ankhoswe akuchikazi, buluku linakwera mpaka m'katumba, ndipo holo yonse inaona chikopa chakuda chomangidwa pakakolo, chogwirira cha kamfuti chili pamtunda.

Mayi wina anakuwa kuti, "Mfuti!"

Sindinaonepo Amalawi achangu chotero. Abusa analowa pansi pa tebulo la keke. Madalitso anabisala kumbuyo kwa mkwatibwi (nkhani imeneyo adakambirana okha pambuyo pake). Tambala anaona kuti mpata ndi womwewu, anandipanda ndi phiko kumaso n'kukatera pamwamba pa sipikala. Nyimbo yokha ndiyo inapitirira, chifukwa woimbitsa anali atathawa.

Munthu mmodzi sanasunthe. Mayi a Tadala anayenda pang'onopang'ono kudutsa pakati pa holo, anawerama, anasolola kamfuti kawo, n'kukatukula m'mwamba kuti onse aone. Kenako anakalumikiza kumagetsi pakhoma, anadikira kuti katenthe, n'kuyamba kumata maluwa aja. Anthu anatuluka pansi pa matebulo akuseka mpaka misozi. Abusa anati anatsikira kukafuna cholembera. Inenso ndinaseka nawo, ndinavinanso, tambala tinamugwira ndipo thadzi ndinalandira. Koma ndinaona kuti akazi anga sakuyang'ana nkhope yanga. Ankayang'ana kathumba kaja.

Pobwerera dzuwa linali lisanalowe, nkhuku ziwiri zili m'katoni kumbuyo. Titadutsa maloboti atatu, mayi a Tadala anatembenukira kwa ine.

"Magalimoto a ku Joondalup aja amafuna mfuti?" anafunsa.

Ndinawauza zonse, kuyambira maphunziro mpaka laisensi. Ndinawauzanso zomwe ndinali ndisanauzepo munthu, kuti miyezi inayi ija ndinkachita manyazi kuwaona akudzuka kupita kuntchito ine ndili chigonere. Sanakalipe. Anangopukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa. Anati ntchitoyo ndiyambe poti ndaiphunzira kale, koma Lolemba lililonse ndizifunsira ina iwo akuona, ndiponso mawa ndikapepese kwa amake Mwila pamaso pa anthu.

Titafika kunyumba anandiuza kuti ndibweretse timatumba tonse. Ndinatiyala patebulo.

"Kowawa ndi kati?"

Ndinaloza kam'chiuno kaja. "Aka sikabwino, kamabaya. Kabwino ndi kapamwendo aka, munthu umachita kuiwala kuti wavala."

"Ndaona lero," anatero. Anakankhira kam'chiuno kaja kwa ine. "Muzivala aka. Chinthu chimene chinandilanda achimwene sindikufuna muzichiiwala kuti chili pathupi panu. Kazikubayani mpaka mudzasiye."

Mphunzitsi uja anadabwa nditamubwezera tiwiri tinato. Anayang'ana mimba yanga, anayang'ana kathumbako, n'kufunsa ngati ndikutsimikiza. Ndinati kasankhidwa kale ndi akuluakulu. Mpaka lero pali kachipsera kakuda m'chiuno mwanga, kumanja, ndipo ndikakhala pansi m'galimoto ya kuntchito ndimayamba ndausa moyo. Anzanga amati ndigule kena, timatumba tofewa tilipo tambiri. Ine ndimangoti aka ndinakazolowera, lomwe ndi bodza lina, koma limeneli mayi a Tadala akulidziwa.