Nkhondo ya a Tsitsaniko ndi Kalulu Wosaleka Kukula

Tcherani khutu, inu nonse amene munalowapo m'sitolo mutadzidalira n'kutulukamo mutagwira pakamwa, pakuti ndikunena za masiku aja pamene mitengo ya zinthu inkakwera m'mawa n'kukweranso masana, pamene amuna olimba mtima ankafunsa mtengo wa sopo atatsamira khoma. M'masiku amenewo munali ngwazi imodzi, wokonza mawailesi, amene msewu wonse unkawatchula kuti a Tsitsaniko, Mliritsa Ogulitsa, Wotuluka Katatu Pakhomo, munthu amene anagulapo ambulera pa theka la mtengo mvula ikugwa.

Chida chawo chinali chimodzi. Wogulitsa akayamba kufotokoza, iwo ankatseka makutu, poti ankati mawu onse a wogulitsa ndi nyambo, ndipo ankangoti "tsitsaniko" n'kutembenuka ngati akupita. Ufumu wawo unali kachipinda kogwirira ntchito, ka tebulo limodzi, nyale ndi makatoni a mawaya, kamene anakalimbirana ndi akazi awo zaka zisanu, mayiwo akufuna kuikamo makina osokera. Kachipindako ankakakonda kuposa mmene amuna ena amakondera galimoto.

Tsono mwana wawo wamkazi atakwatiwa, mayi anayamba kudandaula kuti nyumba yangoti zii, ndipo ngwazi yathu, pofuna mphatso yosaboola m'thumba, inalowa m'sitolo ya ziweto, momwe munkanunkha utuchi wonyowa, zinkhwe zikulongolola pamwamba pa nsomba za m'magalasi. Kuseri kwa kauntala kunakhala mwini sitolo, Mfumukazi ya Sikelo, mayi wa magalasi a pamphuno, amene ankagulitsa akalulu potengera kulemera kwawo. A Tsitsaniko atamva lamulo limeneli mtima unawayera, nasankha kakang'ono kuposa tonse, kolemera theka la kilo, pamodzi ndi khola lotchipitsitsa.

Katatu konse mayiyo anayesa kuwatsina khutu. Ananena kuti mtunduwo ndi wa akalulu akuluakulu, ananena kuti mayi wake wa kameneko amaposa agalu ena, ananenanso kuti khola asankhalo ndi la mbira. Katatu konse a Tsitsaniko anati "tsitsaniko" n'kutuluka pakhomo, ndipo ulendo wachitatu mayiyo anangokweza mapewa n'kutsitsa mtengo. A Tsitsaniko anafika kunyumba akuyenda ngati wobwera ku nkhondo, nakatcha kanyamako Kachibakera, poti kankakwana m'dzanja.

Mwezi woyamba Kachibakera anadzaza khola. Mwezi wachiwiri analithyola. Anasamutsidwira m'katoni ya firiji, naidya, kenako ku bafa, kumene aliyense wofuna kusamba ankayamba wapempha malo. Masana ankatuluka n'kukagona pamapazi a a Tsitsaniko pansi pa tebulo, thupi lonse lofunda ngati buledi wongophula, ndipo iwo ankamukalipira osasuntha mwendo. Pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi, akadzitambasula ankatseka kanjira konse ka m'nyumba.

Apa mayi a kunyumba anagamula mlandu ali chiimirire, chopukutira chili paphewa. Anati atopa kusambira mu beseni kukhitchini, choncho chisankho n'chimodzi: kalulu abwerere kumene anachokera, apo ayi atenge kachipinda ka mawailesi.

A Tsitsaniko anapita kukafunsa mtengo wa khola lalikulu, ndipo mtengo umene anaumva unkaposa wa bedi ndi matiresi ake. Nthawi ino anamvetsera, poti mantha amatsegula makutu. Mwini sitolo anati kalulu wotere amafuna malo oti adumphe katatu osagunda khoma, ndi denga loti akaimirira makutu asapindike. Ngwazi inabwerera n'kukayeza kachipinda kake ndi mapazi, ndipo kanakwanira ndendende, ngati omanga nyumbayo ankamangira kalulu. Pamenepo nkhondo inalengezedwa.

M'mawa mwake anakweza Kachibakera mu wilibala nadutsa naye msewu wonse, thukuta lili kamukamu, oyendetsa njinga akupatuka. Atafika anaima pakati pa sitolo n'kukweza chala.

"Inu mayi, ine ndinagula kalulu, inu mwandipatsa mwana wa ng'ombe. Mwanditchipitsira chiweto kuti mudzandidulire khola. Tengani chinthu chanu, ndipo ndalama yanga ibwerere momwe inachokera."

Mfumukazi ya Sikelo inatsitsa magalasi pang'ono. "Bambo, ndinakuuzani katatu. Katatu konseko munali panja."

Motero kunayamba kuzinga linga kumene ogulitsa a mumsewumo amakusimbabe. A Tsitsaniko anakhala pa thumba la chakudya cha agalu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, ndipo aliyense wolowa kudzagula ankamuonetsa Kachibakera n'kumuchenjeza kuti m'sitolo muno ukagula nsomba ya m'galasi ukonzeretu dziwe. Ogula asanu ndi awiri anabwerera pakhomo. Pomaliza mayiyo anatsegula kabati, nawabwezera ndalama yawo ya theka la kilo, ndipo ngwazi inaimirira ikupukuta fumbi kumbuyo, itapulumutsa ufumu wake.

Koma asanatuluke anacheuka, ndipo apa m'pamene panagona tsoka. Anaona mayiyo akukankhira Kachibakera m'khola lachitsulo kumbuyo kwa sitolo, lokhalo limene linali lopanda kanthu. Kaluluyo anayesa kuimirira, mutu unagunda denga, makutu anapindika, ndipo anangokhala chogwada, mphuno ikunjenjemera. A Tsitsaniko anafunsa kuti akhalamo mpaka liti, ndipo anayankhidwa kuti mpaka atapezeka wogula, kungoti akalulu aakulu sagulidwa, anthu amafuna tating'ono. Mtima unawawawa zenizeni. Anazindikira ali pomwepo kuti chinyama chimene anachitukwana miyezi isanu ndi umodzi ankachikonda, ndipo anachita manyazi.

"Mutulutseni," anatero ndi mawu otsika.

Mayiyo anamutulutsa, koma sanamupereke m'manja mwawo. Anamukhazika pa sikelo, muvi unazungulira n'kukaima pa makilo asanu ndi anayi, ndipo anawakumbutsa mwaulemu kuti katunduyo tsopano ndi wa sitolo, ndipo lamulo ndi lomwe lija analiyamikira tsiku loyamba. Pakamwa pa Mliritsa Ogulitsa panatseguka, mawu awo otchuka anafika mpaka pa mano, koma anayang'ana makutu opindika aja n'kumeza mawuwo. Analipira zonse, chinkhwe chikuonerera.

Pangano la mtendere linachitikira pa kauntala pomwepo, ndi ulemu woyenera mafuko awiri otopa ndi nkhondo. Karoti mmodzi anathyoledwa patatu, wogulitsa anadya, wogula anadya, Kachibakera anadya chake n'kulandanso cha wogula. Kenako Mfumukazi, posonyeza kuti ilibe mangawa, inati kalulu sayenera kukhala yekha, amadwala ndi kusungulumwa, nitulutsa kamwana kena n'kukaika m'dzanja lawo kwaulere. Chiyambire kubadwa a Tsitsaniko anali asanakanepo chaulere.

Madzulo a tsikulo tebulo la mawailesi linatulutsidwa n'kuikidwa m'kanjira, pafupi ndi chitseko cha bafa, ndipo Kachibakera anadumpha katatu m'chipinda chake osagunda khoma. Mayi a kunyumba anaonerera zonsezi manja ali m'chiuno, kufikira pamene anaona timakutu tiwiri tikusuzumira m'thumba la jekete la amuna awo.

"Nanga ako, bambo, ndi ka mtundu wanji?"

"Ndi kamng'ono kake. Koma musadandaule mayi, sindinalipire kanthu."

Mayiwo anatsegula kabati, natenga tepi yoyezera nsalu, n'kulowa kuchipinda chogona kukayeza ngati kalulu angadumphemo katatu.