Mmene Kompyuta Inalembera Apongozi Anga Kuti Ndawasowa

Anzanga, musanayambe kuseka mundimvetse kaye, chifukwa ine cholinga changa chinali chabwino. Ndinkangofuna kuti anthu akandilipira pafoni, malipirowo azilowa okha mu pulogalamu yowerengera za sitolo, basi. Kodi pamenepa pali tchimo?

Ndili ndi kasitolo ka zipangizo zaulimi pa tredingi senta yathu cha ku Lisasadzi kuno: mbewu, feteleza, mankhwala a kunazale, makheni othirira, ziguduli zomangira mabelo a fodya. Koma nthawi imeneyo kogona ndinkagona kumudzi kwa akazi anga, mayi a Tadala, monga mkamwini wina aliyense. M'mawa panjinga, madzulo panjinga, mvula ikandipeza panjira ndinkafika ndili nyowe ngati nkhuku. Ndiye ndinamanga kanyumba kamalata kuseri kwa sitolo, n'kutuma achimwene anga kukapempha chitengwa, kuti akazi anga ndiwatenge tizikakhala kumeneko. Malume awo a akazi anga, a Chimphonda, anayankha kuti tidikire msika wa fodya utseke, tidzakhale pansi. Nyengo yonseyo ine ndinali munthu wofatsa zedi. Apongozi anga aakazi ndikawaonera patali ndinkapatukira m'tchire, ngakhale muli chitedze, kuti asadzapeze ponenera.

Pulogalamuyo anandionetsa ndi Che Saidi, amene amagulitsa zitenje sitolo yoyandikana ndi yanga. Anandiikira pa laputopu yanga yakale ija, n'kunditsegulira tsamba lina lodzaza timabokosi tokongolakongola.

"Izi ndi zowonjezera," anatero Che Saidi. "Inu a Phiri musankhe chimodzi chokha, cholumikiza ku ndalama za pafoni. Zinazo zisiyeni."

Atangotuluka ndinayang'anitsitsa, ndipo ndinaona kuti pansi pa kabokosi kalikonse alembapo kuti mwezi woyamba ndi waulere. Waulere! Inu munaonapo munthu wa kuno akukana basela? Mayi wa tomato akakuikira awiri apamwamba umamuuza kuti chotsani? Ndinati Che Saidi ndi munthu wabwino koma mwina sakufuna kuti sitolo yanga ipose yawo. Ndinayamba kudina. Cholumikiza ku banki, dinu. Chowerengera katundu, dinu. Cha malipiro a antchito, dinu, chonsecho wantchito ndine ndekha. Cha ndalama zakunja, dinu, poti mwina tsiku lina kudzabwera mzungu kudzagula kheni. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada, koma ine nthawi imeneyo ndinali ndidakali m'mwamba mu mtengo.

Chomaliza chinali chosamalira makasitomala. Chimenechi chinandifunsa mafunso ambiri m'Chingerezi chothina, ndipo ine Chingerezi ndimachimva chikamayenda pang'onopang'ono, osati chothamanga chotere. Chinafunsa ngati chilumikizidwe ku foni yanga, ndinavomera. Chinafunsa chilankhulo, ndinasankha Chichewa, n'kunyadira kuti dziko latukuka. Kenako chinaonetsa zithunzi: tayi, manja akupatsana moni, ndi mtima. Ndinaganiza kuti tayi ndi ya anthu a m'maofesi, moni ndimapereka kale ndekha, koma mtima wabwino ndi umene ndimadziwika nawo. Ndinadina mtima.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene aliyense wogulitsa kwa alimi a fodya amachidziwa. Nambala ya bambo siidalirika. Ndalama za kuokushoni zikangolowa, bambo amagula foni yatsopano ndi nambala yatsopano, pofika mwezi wa mawa foniyo yatsala ku bala kapena yapinyolitsidwa. Koma mayi amasunga kafoni kake komweko kamabatani, komanga ndi mphira, zaka ndi zaka. Choncho kasitomala aliyense ine ndimamuuza kuti andipatse nambala ya mayi a kunyumba. Mu pulogalamu yanga munali manambala a akazi a eni ake okhaokha, amuna anali owerengeka.

Poyamba zosokoneza zinali zazing'ono. Mitengo ya feteleza inayamba kuoneka m'madola. Cha antchito chija chinandilembera kuti ndakhala nthawi yaitali osapita kutchuthi, ndikaonane ndi abwana anga. Ndinakhala pansi n'kumadzifunsa kuti abwana angawo ndi ndani, poti ine ndimadziwa kuti ndine ndemwe. Ndinangoti zizolowereka.

Lachitatu lina m'mawa, ndikupanga mulu wa ziguduli pakhonde, ndinangoona njinga yamoto yaima mwaukali, fumbi koboo. Anatsika a Gondwe, bambo wamtali wa kumpoto amene amalima fodya wambiri kutsidya kwa dambo. Moni sanapereke. Anangonditosa ndi kafoni pamphuno.

"Werengani, adada. Mokweza."

Ndinawerenga: "Wokondedwa wanga, ndakusowani kwambiri. Papita nthawi tisanaonane. Mubwera liti?" Pansi pake kamtima kofiira. Pamwamba pake nambala yanga, dzina langa.

"Foni iyi ndi ya akazi anga," anatero a Gondwe. "Mwawasowa chiyani?"

Ndinatulutsa foni yanga kuti ndiwaonetse kuti sindinalembe kanthu, ndipo mmene ndimatsegula, uthengawo unali momwemo, wapita kwa mayi Gondwe, wapitanso kwa ena, mndandanda mpaka pansi. Ndinalemba liti? Ndinali mtulo? Kapena wina wandichita chipongwe cha mankhwala? Ndinawauza a Gondwe kuti ndi kompyuta. Iwo anayang'ana laputopu ili phee patebulo, n'kundiyang'ana ine.

"Kompyuta imawadziwa bwanji akazi anga?"

Funso limenelo ngakhale lero sindingaliyankhe bwinobwino. Anachoka atanena kuti akabweranso sadzabwera ndi foni.

Ndinathamangira pa laputopu kuti ndizimitse chinthucho. Che Saidi anali atapita ku Lilongwe kukaoda katundu, ndiye ndinali ndekha. Patsambapo panali mabatani awiri, lofiira ndi lobiriwira. Lofiira ndinaliopa, ndinati limeneli lifufuta sitolo yonse. Ndinadina lobiriwira. Linatuluka lina lobiriwira, ndinadinanso. Kompyuta inandiyamikira ndi zithunzi za mabaluni, ndipo mtima unakhala pansi.

Masana omwewo foni inayamba kunjenjemera yokha m'thumba. Uthenga wachiwiri unali utapita: "Ndakusungirani mphatso yapadera, inu nokha. Bwerani lisanafike Loweruka."

Inu nokha! Kwa akazi a mkulu wa mpingo, inu nokha. Kwa akazi a aphunzitsi, inu nokha. Apa ndiye ndinatseka laputopu, kuchotsa batire, kuikulunga m'chiguduli, n'kuitsindika pansi pa matumba a feteleza. Ndinati tione ngati ulembenso uli mmenemo.

Inalemba. M'mawa mwake inafunsa amayi onse aja kuti: "Kodi ndinakusangalatsani ulendo watha? Ndipatseni nyenyezi."

Che Saidi atabwera anandipeza ndakhala pa thumba lomwelo, nditagwira tsaya. Anaseka mpaka kofiya inagwa. Anandiuza kuti chinthucho sichikhala mu laputopu ayi, chimakhala kutali pa intaneti, ndipo ntchito yake ndi kukopa makasitomala amene atenga nthawi osagula. Munthu akangokhalitsa osabwera, chimayamba kumulembera chokha. Ndinawapempha kuti achizimitse. Anati chikufuna mawu achinsinsi amene ndinaika tsiku lija. Ine mawu achinsinsi ndinaika ambirimbiri tsiku limenelo, kabokosi kalikonse akeake, ndipo onse anali atauluka.

Kunyumba ndinapeza mayi a Tadala akusenda mawungu ndi mpeni waukulu kuposa mawunguwo. Nkhani inali itafika kale kudzera kuchigayo.

"Bambo a Tadala, ndamva kuti akazi onse a dera lino mwawasowa."

"Si ine, mayi, ndi pulogalamu."

"Nanga ine bwanji sinandisowe?"

Ndinafotokoza kuti iwo si kasitomala, satenga katundu pasitolo. Ndikanadziwa ndikanangokhala chete. Anaika mpeni pansi mofatsa, n'kunena kuti chabwino, iwo si kasitomala, nanga amayi awo?

Apa mpamene ndinakumbukira. Mbewu ya chimanga ya apongozi ndinailemba m'dzina lawo, ndi nambala yawo. Apongozi anga, amene chikwatirireni sindinawayang'anepo m'maso, amene ndikafuna kuwauza kanthu ndimatuma mwana wawo, ndinawalembera kuti wokondedwa wanga, ndakusungirani mphatso, inu nokha. Ndi kamtima! Ndinaona kanyumba kanga kamalata kaja kakusanduka mosungira matumba, ine ndikupalasa njinga mpaka imvi. Mwinanso ngakhale kopalasira njingako andithamangitsako.

A Chimphonda sanadikirenso kuti msika utseke. Anaitanitsa bwalo Loweruka lomwelo. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chigafa chopanda fodya, ine ndi achimwene anga mbali ino, a Chimphonda pampando, akazi anga pamphasa. Apongozi anakhala chapatali, atatembenukira kumbali, mpango utaphimba theka la nkhope. Laputopu ndinabwera nayo ngati mboni, ikununkha feteleza, koma kumudziko netiweki imagwira pachulu pokha, ndiye mboni yanga inangokhala duu.

"Akamwini," anayamba a Chimphonda, "ife tinkaganiza kuti mukufuna kutenga mwana wathu mmodzi. Sitinadziwe kuti mukufuna mudzi wonse ndi apongozi omwe."

Ndinafotokoza zonse, za basela, za mtima, za batani lobiriwira. Mmene ndinkafotokoza ndimomwenso ndinkadzisokoneza. Achimwene anga, amene anabwera kudzandiikira kumbuyo, anafika pondinong'oneza kuti, "Iwe, ungovomera, tilipire mbuzi."

"Mukuti makina amalemba okha, inu manja ali pamwendo?" anafunsa a Chimphonda.

"Eya, malume."

"Ndinabadwa kale ine."

Nthawi yomweyo mphepo ya netiweki iyenera kuti inadutsa, chifukwa foni ya a Chimphonda inalira m'thumba la jekete. Iwo ndi mmodzi wa amuna ochepa aja amene sasintha nambala, ndipo anali atatenga nthawi osagula kwa ine. Anaitulutsa, kuitalikitsa ndi maso, n'kuyamba kuwerenga mokweza asanazindikire: "Wokondedwa wanga, ndakusowani kwambiri..."

Anaima. Anayang'ana manja anga, ali pamwendo. Anayang'ananso foni. Achimwene anga anagwa cham'mbali ndi phwete, akazi anga anabisa nkhope m'chitenje mapewa akugwedezeka, ndipo ine ndinapuma koyamba sabata imeneyo. Ndinati basi, ndapulumuka.

Koma apongozi sanaseke. Anakodola mchimwene wawoyo, a Chimphonda, n'kulankhula motsitsa, nkhope ili kumbali komweko, ngakhale tonse tinkamva.

"Afunseni akamwiniwo. Ndiye kuti mauthenga aja amapita kwa aliyense?"

Ndinayankha kudzera mwa a Chimphonda kuti eya, kwa aliyense.

"Nanga amene amandiyankha uja ndani?"

Kuyankha? Ndinatsegula foni yanga. Zoonadi, apongozi ankayankha uthenga uliwonse. Woyamba analemba kuti, "Ndili bwino, kaya inu. Miyendo ndi imene ikuvuta." Makina anawayankha kuti, "Zikomo, mawu anu ndi ofunika kwambiri kwa ine." Analembanso za mbuzi yawo imene inaswa mapasa, za denga la khitchini limene likudontha, ndipo makina ankangoti mawu anu ndi ofunika kwambiri kwa ine. Pa nyenyezi paja anapereka zonse.

Iwo sanaonemo zachipongwe ayi. Chimwalirireni apongozi aamuna, ana awo aamuna ali ku Joni ndipo foni amaimba pa Khirisimasi pokha. Ankaganiza kuti mkamwini wawo, poopa kuwalankhula pamaso monga mwa mwambo, wapeza njira yaulemu yowafunsira moyo. Anali atauzako kale amayi anzawo a Mvano kuti mwa ana onse, amene amawakumbukira ndi wobwera. Kunena zoona anzanga, manyazi amene ndinamva apa anaposa a kwa a Gondwe. Ndinamva chisoni, chifukwa zaka zonsezi ndinkathawira m'chitedze n'kumati ndi ulemu, osadziwa n'komwe kuti miyendo yawo imawawa.

Kenako apongozi anakonza mpango wawo n'kunena kuti:

"Auzeni kuti mwana wangayo amutenge, chitengwa ndavomera. Koma makinawo awasiye kuno. Ndi okhawo amene amandifunsa mmene ndadzukira."

Lero tikukhala kuseri kwa sitolo. Che Saidi anandithandiza kupezanso mawu achinsinsi aja, kuchotsa zowonjezera zonse n'kusiya chimodzi chija anandiuza poyamba, ndipo a Gondwe anayambanso kugula, kungoti amabwera okha ndipo nambala anapereka yawo. Makina aja anazima, koma mawu a apongozi sabwezedwa. Ndiye Lolemba lililonse ndimakhala pakauntala n'kulemba ndi zala zangazi kuti, "Mwadzuka bwanji, miyendo ikuti bwanji?" n'kusaina kuti Kompyuta. Sabata yatha anayankha kuti kompyutayo iuze mwini wake kuti denga la khitchini likudonthabe.

Ndapita kale kukafolera. Koma ndalumbira, anzanga: tsiku lina kompyuta ikadzandifunsanso funso lililonse, ngakhale longoti eya kapena ayi, sindidzayankha ndekha. Ndidzayamba ndaitana ankhoswe.