Khosi la Nakhosi

Amene akuti ndine wabodza aimirire ndimuone nkhope, asamang'ung'udzire kumbuyo kwa anzake. Palibe? Tcherani khutu tsono.

Nkhondo ya Jeremani isanayambe, ndinkagwira ntchito kwa mzungu wina m'mapiri a kwa Kaphuka. Anabwera ndi nyama zitatu zakutsidya kwa nyanja, nkhosa si nkhosa, mbuzi si mbuzi, makosi ataliatali, ubweya mpaka m'maso. Iye ankati alupaka. Yaikazi ndinaitcha Nakhosi. M'mawa uliwonse ndinkasesa khola, kumweta udzu kudambo, kutunga madzi, kusakaniza madeya ndi mchere, ndipo ziwiri zamphongozo malipiro ake kunali kundilavulira kumaso, koma Nakhosi sanandilavulirepo, poti ndinkamubisira kholowa wa m'munda mwa apongozi.

Mwezi wa Juni mkazi wanga Nabanda anachira mwana wamkazi masiku asanakwane, kamwana ngati chitsononkho, kunja kukuzizira koti ngakhale moto unkanjenjemera. Azamba anati kakapanda kufunda sikafika mawa. Ine m'chikuta sindikanalowa, mwamuna salowamo, ndipo azambawo anali pakhomo ndi munsi. Ndinabwerera kukhola n'kukalira pamaso pa nyama, sindibisa.

Mukumva? Nakhosi anandiyang'ana, miyendo ili m'khola momwemo, n'kuyamba kutambasula khosi, linadumpha mpanda, linawoloka dambo, linazungulira phiri, linapatuka pamanda mwaulemu, linadutsa pakati pa nkhokwe za apongozi, mpaka mutu unagogoda pachitseko. Azamba anasuzumira kunja, anati, "Mwambo umaletsa amuna. Uyu ndi mkazi mnzathu, lowani mayi." Analowa, n'kudzipinda katatu mozinga mwana.

Apo ndiye ntchito inandikulira, chifukwa pakamwa panali kumudzi, kwinako kukhola, ndiye ndinkasenza udzu kupita kumutu, kuthamanga kukasesa kumchira, kubwereranso ndi madzi, ndipo udzu womeza Lolemba unkafika m'mimba Lachinayi, anthu akuuona ukudutsa padambo. Amayi ankayanika nsalu pakhosipo, a ulendo wa ku Mayani ankawerama podutsa. Zinatero mpaka mchombo unagwa, mwana n'kutuluka m'chikuta akutuluka thukuta.

Nabanda amakana. Amati ndinangometa Nakhosi ndi mpeni, ubweya n'kuusiya m'lichero pakhomo, mzungu n'kundithamangitsa ntchito tsiku lomwelo. Iwo anali m'nyumba, akanaona chiyani? Za kuchotsedwa ntchitozo n'zoona, ndipo sindinadandaulepo. Mpaka lero ndikamathokoza Mulungu ndimatchulanso nyama ija, yomwe inatsala yamaliseche m'chisanu cha ku Dedza chifukwa cha mwana wanga.

Khosilo lifupikitseni mmene mungafunire, adzukulu inu. Koma kamwana kaja ndi amayi anu, awo akupeta apowo.