Tsiku Limene Ndinalongosola Zingwe za ku Koleji

Okhudzidwa ndi nkhani yochititsa manyazi imene ndikuulula lero ndi awa: Bambo Chimtengo, mkulu wa koleji yaing'ono ya zamakompyuta ku Golomoti, Mayi Nachisale, mphunzitsi wathu wa za netiweki, mtsikana Tadala wa ku Mtakataka, mnzanga wa m'kalasi, ndi ine Benedikito Mwale, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, mlembi wa khonsolo ya tchalitchi chathu kufupi ndi Mua. Wolakwa ndi womalizayu.

Ine ndinaleredwa ndi ansembe ndi masisitere, anthu amene ankakhulupirira kuti ngakhale tsache lili ndi malo ake. Tchalitchi chathu chitalandira kompyuta yosungiramo maina a obatizidwa, ndinakana kuti mlembi akhale mbuli. Ndinalembetsa maphunziro a dipuloma a zaka ziwiri, n'kumakwera minibasi jekete ili pathupi, kutentha konse kwa chigwa kuno. Anzanga a m'kalasi, a msinkhu wa adzukulu anga, ankanditchula kuti a Hedi. Chifukwa cha imvi zangazi, akuluakulu anandipatsa makiyi a labu ya makompyuta.

Lachisanu lina onse ataweruka, ndinatsala ndikutseka mawindo. Ndinatsegula kabati yapakona kuti ndipukute fumbi. Mayi wanga ine! M'menemo munali kabokosi kotchedwa swichi, pamene zingwe za makompyuta onse zimakumana, ndipo zingwezo zinali zitapiringizana ngati ukonde wa msodzi waulesi.

Phunziro la swichi tinali tisanafikepo, linali la teremu yotsatira. Koma ndinati dongosolo silidikira dipuloma. Ndinavula jekete, n'kuzula zingwe zonse, kuziwongola, kenako kuzibwezera mwaulemu: zabuluu mzere wapamwamba, zachikasu mzere wapansi. Panatsala kachingwe kamodzi kotuwa kongogona pansi popanda ntchito. Ndinalowetsa mutu wake m'bowo lina, mchira wake m'bowo loyandikana nalo. Timagetsi tonse ta pa swichi tinayamba kuphethira pamodzi mofulumira.

“Ehee, tsopano mwasangalala!” ndinatero, n'kutseka kabati. Ndinapita kwathu mtima uli mbee.

M'mawa mwake, ngakhale linali Loweruka, kunali mayeso a pa intaneti, oyamba naini koloko, otsekedwa leveni. Titakhala pansi, kompyuta iliyonse inangoonetsa kagudumu kozungulira.

“Madamu, yanga yafa!”

“Yanganso, Madamu!”

Mayi Nachisale anathamanga uku ndi uku osaphula kanthu. Bambo Chimtengo analowa thukuta lili kamukamu.

“Iyi ndi vairasi! Ndani analowetsa fulashi muno dzulo?”

Tadala anakweza dzanja pang'onopang'ono. “Ndine, sala. Ndimangosunga asayimenti yanga.”

“Lamulo ukulidziwa. Wobweretsa vairasi amapita kwawo, osabweranso. Ndipo mayesowa akalephereka, nkhaniyi ikafika kupolisi!”

Apa ndi pamene ndinachita chopusa chachiwiri. Ndinapukusa mutu, n'kunena mokweza kuti aliyense amve, “Ana a masiku ano alibe mwambo!”

“A Hedi, tandibwerekani kiyi wa kabati,” anatero Mayi Nachisale.

Anatsegula, n'kungoti chilili.

“Wachita izi ndani?”

Kunena zoona, ndinatsala pang'ono kudzuka kuti ndilandire chiyamiko. Ndinali nditakonza kale mawu odzichepetsa. Koma mayiwo atatembenuka, nkhope yawo sinali ya munthu wofuna kuyamikira.

“Sala, si vairasi iyi. Munthu walowa muno, wazula chilichonse. Chingwe chilichonse chinali ndi bowo lake, iye wasokoneza zonse. Ndiye taonani kotuwaka: wakalowetsa mbali zonse ziwiri mu swichi yomweyi, moti uthenga ukungozungulira n'kumachulukana mpaka kutsamwitsa netiweki yonse. Wachita izi akudziwa chimene akuchita. Uku ndi kuwononga mwadala!”

M'maganizo ndinadziona ndili kumbuyo kwa galimoto ya polisi, unyolo uli m'manja, tikudutsa pamsika wa Golomoti, amayi amene ndinawaphunzitsa Sitandade 8 akusiya tomato wawo n'kumalozerana kuti, “Si a Hedi awo?” Ndinamva zolengeza za Lamulungu zikuwerengedwa ndi munthu wina, dzina langa lili pakati pa ofunika kuwapempherera.

Bambo Chimtengo anatulutsa foni m'thumba.

“Iwe Tadala, dzulo unatuluka nthawi yanji? Wakutuma ndani?”

“Sala, kabatiyo sindinaigwirepo! Chonde, amayi akamva kuti ndachotsedwa sukulu akomoka!”

Misozi inali chuchuchu. Palibe amene anayang'ana kwa ine. Ndani angakayikire mkulu wa mpingo wovala tayi? Ndikanangokhala chete, mwana wa eni ake akanapita kwawo, ine n'kutsala ndi ulemu wanga. Ndipo ndiulule: ndinakhaladi chete mpaka Bambo Chimtengo anayamba kudina manambala.

Zaka zanga zonse zauphunzitsi ndinkauza ana kuti wolakwa aziimirira yekha asanatchulidwe. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti kuimirirako si masewera. Ndinagwira desiki ndi manja onse awiri, n'kudzikoka. Mawu anatuluka ang'onoang'ono ngati a kamwana ka mbuzi.

“Ndimalongosola.”

“Mukuti chiyani, a Hedi?”

“Ndimalongosola, sala! Zinali zosaoneka bwino!”

Onse anatembenukira kwa ine.

“Inuyo?” anafunsa Mayi Nachisale. “Nanga kotuwaka munakalowetseranji?”

“Kanalibe malo, Madamu.”

Wina kumbuyo anayesa kudziletsa, koma phwete linaphulika, kalasi yonse n'kugwa nacho chiseko. Mayi Nachisale anazula kachingwe kaja, timagetsi tinakhazikika. Kubwezera zina zonse m'mabowo ake kunawatengera pafupifupi ola lathunthu, ine nditaima pakona ngati mwana wochedwa kusukulu, ndikuyang'ana foni ya Bambo Chimtengo kuti ibwerera liti m'thumba. Mayeso tinalemba mothamanga m'nthawi yotsalayo.

Titamaliza, Bambo Chimtengo anaweruza mlandu pamaso pa onse.

“Zapolisi tazisiya, chifukwa sindikudziwa kuti ndikawauza kuti munthuyu walakwa chiyani. Koma choyamba, a Hedi apepese kwa Tadala, mokweza ngati mmene ananenera za mwambo muja.”

Ndinapepesa. Bambo Chimtengo anati a kumbuyo sanamve bwino. Ndinabwereza.

“Chachiwiri, makiyi a labu kuyambira lero asunge ndi Tadala. Chachitatu, popeza a Hedi amakonda dongosolo, Lachisanu lililonse mpaka teremu ithe azilemba nambala pa chingwe chilichonse m'koleji muno. Woyang'anira ntchitoyo ndi Tadala, ndipo a Hedi asagwire kanthu iye asanalole.”

Tadala anapukuta misozi. “Ndavomera, sala. Koma akamayandikira kabati, manja azikhala kumbuyo.”

Mayi Nachisale anavomeranso, n'kuonjeza kuti anali atajambula kale ntchito yanga pa foni kuti aziphunzitsira ena. “Chiyambireni ntchito imeneyi, a Hedi, sindinaonepo netiweki yakufa yokongola chonchi!”

Inenso ndinavomera chigamulocho mutu uli pansi, ndipo mpaka lero ndikaona chinthu chosokonekera koma chikugwira ntchito, ndimangochipatsa moni n'kudutsa.