Rozi ya Enid Ili M'munda Mwanu

Kwa Mayi Wapampando,
Komiti Yotsegulitsa Minda Pothandiza Odwala,
Upper Melcott.

Mayi Wolemekezeka,

Ndine Wilfred Pargeter, nkhalamba ya nyumba yomaliza musanafike pamlatho, uja munakana munda wake chaka chatha. Ndalemba kuti ndithokoze, poti ulemu wanu wandilemera pamtima.

Choyamba, zikomo kuti munadzivutitsa kubwera nokha kudzaona ngati munda wanga ungalandire alendo. Ndinkafuna kuti ndalama za pachipata ndi za tiyi zipite kunyumba ya odwala mwakayakaya, komwe anasamalira mkazi wanga Enid mpaka tsiku lake lomaliza. Inu munandiphunzitsa kuti chifundo sichiyenda pa kapinga wa zigamba. Sindinkadziwa, mayi. Ndinkayesa odwala safunsa za udzu.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha mawu anu aja: "Aa, bambo Pargeter, kabichi pakati pa maluwa? Alendo adzaona chiyani muno? Koma kekeyu ndiye wabwino." Munatenganso chidutswa china, ine mtima n'kukhalako pansi.

Chachitatu ndiye chachikulu. Kuseri kwa nyumba kunali rozi yomwe Enid anaimeretsa yekha kuchokera ku njere, moti ina yonga iyo kulibe. Nditalowa kukatenga ketulo, ndinakuonani pawindo mukubudula kanthambi n'kukaponya m'chikwama. Tonse tikudziwa kuti kuno kanthambi sikabedwa, kamangogwera m'chikwama, ndipo mwini munda woleredwa bwino amayang'ana mitambo. Ndinayang'ana mitambo mpaka khosi kuwawa.

Chisanu cha chaka chino chaipha rozi ija mpaka kumizu. Sindibisa, ndinalira, poti ndi chokhacho chamoyo chimene Enid anandisiyira. Kenako mlongo wanga Hilda, yemwe saphonya munda uliwonse wotsegulidwa, anabwera ali wefuwefu kuchokera kwanu. Akuti, "Wilf, siya kulira, nkhalamba iwe! Rozi ya Enid ili pafupi ndi dziwe lawo la nsomba, yakupitirira msinkhu, ndipo aipatsa dzina la galu wawo."

Ndiye ndinene chiyani, mayi? Mukanakhala munthu wopempha, ndikanakumanani, ndipo rozi ikanatheratu. Mwaipulumutsa. Za dzinalo sindidandaula kwambiri. Enid ankakonda agalu, ngakhale wanuyo ankati ndi wamwano.

Pempho langa n'laling'ono. Lamlungu likubwerali mukutsegulanso munda wanu. Ndidzalipira pachipata monga wina aliyense, ndidzamwa tiyi, ndidzayamikira kapinga mokweza kuti a komiti amve. Koma Hilda akuti mwaizinga rozi ija ndi chingwe, n'kuikapo chikwangwani choletsa kuthyola, poti alendo a masiku ano alibe khalidwe. Ndikugwirizana nanu. Vuto ndi mawondo angawa, sangalumphe chingwe. Ndikupempha modzichepetsa kuti muchitsitseko pang'ono, ndipo mukaona ndawerama, mutembenukire kwina kanthawi kochepa chabe.

Ngati zimenezi zikuphwanya malamulo a komiti, musavutike nazo. Ingobwerani mudzandibudulire nokha kanthambi kamodzi. Ine manja angawa sanachitepo zoterezi. Lanu dzanja n'lozolowera, ndipo taona tonse kuti chomwe lagwira chimaphuka.

Ine mlendo wanu wa Lamlungu,
Wilfred Pargeter